Supu wa bowa wa mu slow cooker angakome bwanji popanda kirimu ndi mchere wambiri?

Funso: Ndili ndi slow cooker, poto wamagetsi uja wophika pang'onopang'ono. M'mawa ndimaikamo bowa woduladula, anyezi, madzi ndi kakyubu kokometsera msuzi, n'kupita kuntchito. Pobwera madzulo ndimapeza supu wotuwa, wamadzimadzi, wosamveka n'komwe kuti muli bowa. Mayi mnzanga akuti ndizithira kirimu ndi batala, koma kuchipatala anandiuza kuti ndichepetse mafuta ndi mchere. Kodi pali njira yoti supuyu akome koma akhalebe wopepuka?

Yankho: Mayi, njira ilipo, ndipo kirimu safunika. Mnzanuyo akunena zoona pa chinthu chimodzi: kirimu ndi batala zimabisa zolakwika zambiri za m'khitchini. Koma supu wanu sanalakwike chifukwa chosowa mafuta. Mwangosenzetsa potoyo ntchito imene siyake. Slow cooker amadziwa kufewetsa chakudya ndi kusakaniza kukoma kumene mwaikamo kale. Kupanga kukoma kwatsopano sadziwa, ndipo kuumitsa madzi sadziwanso. Ntchito ziwiri zimenezi n'zanu, ndipo zimatenga mphindi 15 kapena 20 pa chiwaya musanayatse potoyo, kuphatikizapo kamphindi kena musanapakule.

Tiyambe ndi madziwo, poti ndiwo akukusowetsani mtendere. Pa magalamu 100 alionse a bowa wamuwisi, magalamu oposa 90 ndi madzi okhaokha. Ndiye kuti mukaika bowa wokwana theka la kilogalamu, mwaikiratu madzi pafupifupi makapu awiri amene simukuwaona, ndipo ambiri mwa iwo amatuluka bowayo akangotenthedwa. Pa moto wamba zimenezi sizivuta, chifukwa poto wosavindikira amataya madzi ngati nthunzi, msuzi n'kumakhuthala. Mu slow cooker nthunzi ikagunda chivindikiro imasanduka madontho n'kubwerera momwemo. Madzi amene munathira m'mawa mudzawapeza madzulo onse, ndi a bowa ndi a anyezi pamwamba pake. Anthu ambiri amathira madzi ofanana ndi amene akanathira pophika pa moto, ndipo pomwepo supu amakhala atawonongeka kale.

Kutuwako ndi kusakomako kuli ndi gwero lina. Kaya mwaika pa Low kapena pa High, madzi a m'potomo amakafika pafupi ndi kuwira, ndipo sangapitirire madigiri 100. Kusiyana kwa mabatani awiriwa kuli makamaka pa liwiro lofikira pamenepo. Tsono fungo lija lonunkhira la chinthu chokazinga, limene limabwera limodzi ndi kufiirira, limafuna kutentha kwa madigiri 140 kupita m'tsogolo, pamalo pouma. Ndi pamene shuga wachilengedwe wa m'chakudya amagwirizana ndi tizigawo ta mapuloteni n'kupanga mitundumitundu ya fungo ndi kukoma. Wasayansi wa ku France, Louis-Camille Maillard, ndiye analongosola zimenezi mu 1912, ndipo mpaka lero zimadziwika ndi dzina lake. M'madzi obwata sizichitika mokwanira ngakhale mutadikira tsiku lonse. Bowa wanu anangofutsidwa kwa maola ambiri, n'chifukwa chake anatuwa.

Musaiwale kuti potoyu anapangidwira zakudya zamakani. Irving Naxon wa ku Chicago analandira chiphaso cha umwini wa chipangizochi mu 1940, ndipo poyamba chinkagulitsidwa ngati chophikira nyemba. Kampani ya Rival inachitulutsanso mu 1971 ndi dzina loti Crock-Pot. Nyemba ndi nyama yolimba zimapindula ndi nthawi yaitali. Bowa alibe nazo ntchito, amapsa m'mphindi zochepa. Mwayi wake ndi woti sanyenyeka msanga, chifukwa thupi lake linamangidwa ndi chitin, chinthu chomwe chija chimalimbitsa zikamba za nkhanu, ndipo kutentha kwa m'madzi sikumusungunula monga kumachitira ndi masamba. Choncho mukhoza kumusiya m'poto maola ambiri osaopa kuti asanduka phala. Sangawonongeke, koma sangakomenso payekha.

Pa nkhani ya mtundu wa bowa, musadzivutitse kwambiri. Bowa woyera wozungulira uja, wofiirira amene amalembedwa kuti chestnut kapena cremini, ndi wamkulu wotambasuka wotchedwa portobello, onsewa ndi mtundu umodzi, Agaricus bisporus. Amasiyana maonekedwe ndi msinkhu umene anathyoledwa. Wofiirira ndi wokhwimayo amakoma mwamphamvu pang'ono, koma portobello amadetsa supu chifukwa cha timizere takuda ta kunsi kwake. Ngati maonekedwe mumawasamala, tipaleni ndi supuni musanadule. Bowa wa oyster amalowanso bwino. Ine ndimakonda kusakaniza mitundu iwiri ikapezeka. Zakuti bowa satsukidwa n'zokokomeza: mutsukeni mwachangu pamadzi ozizira nthawi yomweyo yophika, m'pukuteni ndi kansalu, basi. Madzi amene amamwa pa kutsuka koteroko ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi amene ali nawo kale. Chosafunika n'kumunyika kwa nthawi yaitali kapena kumutsuka lero kuti muphike mkucha.

Tsopano pa chiwaya, pamene pagona nkhani yonse. Bowa wamuwisi ali ngati siponji: mkati mwake muli timipata tambirimbiri ta mpweya, ndipo mukamuponya m'mafuta amawamwa onse nthawi yomweyo, chiwaya n'kuuma, inu n'kuwonjezera ena. Umu ndi mmene chakudya chopepuka chimasandukira chonona. Njira yake ndi kutembenuza ndondomeko. Tenthetsani chiwaya chachikulu popanda mafuta, ikanimo bowa wodula mokhuthala pang'ono, ndipo musamutakase pafupipafupi. Ngati mukuopa kuti akakamira, dontheziranimo madzi supuni ziwiri. Pakapita mphindi zochepa ayamba kulira ndi kutulutsa madzi ake. Musawakhuthule madziwo, muli kukoma. Alekeni aphwere pamoto waukulu. Bowa akafwaphira, timipata tija timakhala tatsekeka ndipo samwanso mafuta ambiri. Apa m'pamene muthire mafuta supuni yaikulu imodzi, n'kumusiya afiirire bwino mbali zonse. Supuni imodziyo imakwanira theka la kilogalamu yonse. Chimene chimalepheretsa ambiri ndi kuunjika: bowa akadzadza chiwaya mpaka pamwamba amangophikana ndi nthunzi yake. Gawani kawiri kapena katatu. Zimaoneka ngati kuchedwa, koma chiwaya chosadzadza chimauma msanga. Mukamaliza, patulani bowa wofiirira bwino wodzadza dzanja limodzi, mumusunge m'firiji kuti mudzamuwaze pamwamba pomwa.

M'chiwaya chomwecho, osatsuka, ikani anyezi wamkulu mmodzi wodula bwino, ndipo mum'kazinge pa moto wochepa mpaka afewe ndi kuyamba kufiirira m'mbali. Anyezi woikidwa wamuwisi mu slow cooker nthawi zambiri amasiya kafungo kakuthwa kamene sikachoka. Adyo timagawo titatu alowe pa mphindi yomaliza yokha, chifukwa akapserera amawawa. Kenako thirani theka la kapu ya madzi m'chiwayamo n'kupala ndi mthiko zofiirira zonse zimene zakakamira pansi. Anthu amatsukira kusinki zimenezi osadziwa kuti n'zimene zimapatsa supu mtundu ndi fungo. Zonsezo zilowe m'poto.

Chinthu chachiwiri chimene chimasintha supuyu kotheratu ndi bowa wouma, ndipo safunika wambiri: magalamu 15 kapena 20 a shiitake kapena porcini wouma ndi okwanira. Munyikeni m'kapu ya madzi otentha kwa mphindi 20 mpaka 30, mum'finye, mum'dule tizidutswa. Madzi akuda amene atsala musataye ngakhale dontho, koma muwasefe pa kansalu koyera kapena musiye otsirizira a pansi, chifukwa bowa wouma amabwera ndi mchenga. Mapesi a shiitake ndi olimba, achotseni. Chimene chimachitika apa n'chosangalatsa. Mu 1908 Kikunae Ikeda, mphunzitsi wa sayansi ku yunivesite ya ku Tokyo, anapeza kuti kukoma kwina kwa msuzi, kosiyana ndi kutsekemera, kuwawasa, kuwawa kapena mchere, kumachokera ku chinthu chotchedwa glutamate, ndipo kukomako anakutcha umami. Bowa ali ndi glutamate mwachilengedwe. Shiitake wouma ali ndi chinthu chinanso, guanylate, ndipo ziwirizi zikakumana pa lilime kukoma kumakula kuposa mmene chilichonse chikanachitira pachokha. Kwa inu amene mwauzidwa kuchepetsa mchere, iyi ndiyo nkhani yabwino: msuzi wokhala ndi umami wokwanira umamveka wokolera ngakhale mchere uli wochepa. Bowa wouma akasowa, supuni yaing'ono ya phala la tomato la m'chitini, lokazingidwa limodzi ndi anyezi mpaka lide pang'ono, imathandiza ndithu ngakhale sifikapo.

Kakyubu kaja kachotseni, kapena mugwiritse ntchito theka. Mbali yaikulu ya makyubu ambiri ndi mchere, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku, kutanthauza supuni yaing'ono imodzi yosadzadza, kuwerengera zakudya zonse za tsikulo. Kotala la supuni yaing'ono ya mchere poyamba ndi lokwanira, ndipo wotsalawo mudzayese kumapeto mutalawa. Ngati mumakonda soy sauce, supuni yaing'ono imodzi imakometsa kwambiri, koma muiwerengere ngati mchere, osati chowonjezera pa mchere. Chenjezo limodzi: mchere wa m'malo mwa mchere, umene amalemba kuti uli ndi sodium wochepa, kawirikawiri amaupanga ndi potaziyamu. Amene ali ndi vuto la impso kapena akumwa mitundu ina ya mankhwala a kuthamanga kwa magazi ayambe afunsa adokotala awo.

Za anthu anayi, m'poto mulowe izi: bowa wokazinga uja wochokera pa magalamu 500 kapena 600, anyezi ndi adyo, bowa wouma ndi madzi ake, mbatatesi imodzi yaikulu yosenda ndi kudula zidutswa zikuluzikulu, ndi zonunkhiritsa izi: tsamba limodzi la bay ndi timitengo tiwiri ta thyme. Karoti wamng'ono akhoza kulowa, koma wambiri amatsekemeretsa n'kuphimba bowa. Madzi onse pamodzi, kuwerengera onyikira aja ndi opalira chiwaya, asapitirire mamililita 750, amene ndi makapu atatu. Mudzaona ngati achepa, zinthu zikungotsala pang'ono kumira. Asiyeni choncho. Kuwonjezera madzi otentha kumapeto n'kosavuta, kuwachotsa ndiye ntchito. Potoyu amagwira bwino akadzadza pakati pa theka ndi magawo awiri mwa atatu, ndiye ngati wanu ndi wamkulu kwambiri, phikani muyezo uwiri, wina musunge. Pa Low maola 5 kapena 6 akwana, pa High maola 3.

Ndikudziwa kuti inu mumachoka m'mawa kubwera madzulo, ndipo palibe amene amafuna kukazinga bowa atavala kale zakuntchito. Kazingani usiku, zikazizira muziike m'kontena yotseka m'firiji, m'mawa n'kungokhuthulira m'poto. Musasunge mbale yadothi ya potoyo m'firiji n'kuiika pa moto wake ili yozizira, chifukwa imachedwa kutentha ndipo ikhoza kung'aluka. Maola 8 kapena 9 pa Low sawononga bowa, mbatatesi ndiyo imafewa kwambiri, koma poti tikufuna kuinyenya palibe chodandaula. Pa tsiku limene muli pakhomo, pirirani osavundukula. Moto wa potoyu ndi wochepa, ndipo kutentha kumene kumathawa mukatsegula kumatenga nthawi kuti kubwerere.

Nanga kukhuthala kofewa kuja, kumene anthu amakufuna kwa kirimu? Kumachokera m'supu momwemo. Chotsani tsamba la bay ndi timitengo ta thyme, tungani gawo limodzi mwa atatu kapena theka la supu pamodzi ndi mbatatesi yonse, mugaye mu blender mpaka zisalale, n'kubwezera m'poto. Bowa wogayidwa ndi sitachi wa mbatatesi zimagwira madzi n'kupanga supu wosalala pa lilime, pamene bowa wosagayidwayo amapereka chotafuna. Ine sindikonda kugaya zonse, chifukwa supu amatuluka wa mtundu umodzi wotuwa ndipo mkamwa mumasowa chochita, koma zimenezo n'zokonda munthu. Pogaya zotentha samalani: musadzadze kupitirira theka, ndipo siyani mpata pa chivindikiro n'kuphimbapo ndi kansalu, apo ayi nthunzi imakankha chivindikiro supu n'kukuwazirani kumaso. Popanda blender, nyenyani mbatatesi ndi foloko m'mbali mwa poto. Oats supuni zazikulu zitatu zothiridwa theka la ola musanazimitse zimagwiranso ntchito yomweyo.

Ena amakhuthalitsa ndi nyemba zoyera, ndipo n'zabwino chifukwa zimawonjezera mapuloteni. Koma zikhale za m'chitini zotsukuluza, kapena zophikaphika kale. Nyemba zouma zosaphika, makamaka zofiira zazikulu zija ndi zoyera za mtundu womwewo, zili ndi poizoni wachilengedwe wotchedwa phytohaemagglutinin, amene amafa pokhapokha nyemba zonyikidwa zitawira mwamphamvu pa moto kwa mphindi zosachepera 10. Kutentha kwa slow cooker sikudalirika pa ntchito imeneyi, ndipo nyemba zochepa chabe zosapsa bwino zimatha kusanzitsa ndi kutsegula m'mimba pasanathe maola atatu.

Ngati mukufunabe kakomedwe ka mkaka, pali malo ake, koma onani kaye manambala. Makalori ndi muyezo wa mphamvu ya m'chakudya, ndipo bowa wamuwisi woyera ali ndi makalori pafupifupi 22 pa magalamu 100, ndiye theka la kilogalamu lonse ndi makalori 110 okha. Supuni yaikulu ya mafuta ndi pafupifupi 120. Theka la kapu ya kirimu wokhuthala, amene mafuta ake amafika 36 pa 100 alionse, ndi pafupifupi 400, kuposa bowa, mafuta ndi anyezi kuphatikiza. Mkaka wamba uli ndi mafuta osapitirira 4 pa 100. Vuto lake ndi loti mkaka wochepa mafuta ndi yogati zimachita timibulu zikatenthedwa nthawi yaitali, ndiye zisalowe m'mawa. Zimitsani poto, dikirani asiye kubwata, sakanizani theka la kapu ya mkaka ndi chipande chimodzi cha supu wotentha m'mbale ina, kenako mutsanulire m'poto mukutakasa. Yogati wopanda shuga ndi bwino kungoika supuni imodzi m'mbale ya aliyense.

Chomaliza musanapakule ndicho chimene ambiri amachidumpha. Chakudya chimene chakhala pa moto maola ambiri chimamveka chogona, ndipo dzanja limathamangira ku mchere. Yambani mwafinyira madzi a ndimu, supuni yaing'ono imodzi kapena ziwiri, kapena viniga pang'ono, n'kulawa. Nthawi zambiri mudzapeza kuti mchere unali wokwana kale. Ngati mwathira mkaka, ndimu ikhale yochepa ndipo ilowe m'mbale, osati m'poto. Tsabola wakuda wongopera kumene ndi parsley wodula alowenso pano, chifukwa fungo lawo silipirira maola ambiri. Bowa munapatula uja m'tenthetseni pa chiwaya n'kumuwaza pamwamba. Supu akakhala kuti wachulukabe madzi, vundukulani, ikani pa High kwa theka la ola kapena kuposerapo, kapena mutsanulire m'poto wamba n'kuwiritsa pa moto, zimene zimafulumira kwambiri.

Pa za thanzi ndinene mosakokomeza. Bowa ali ndi mavitamini a gulu la B monga riboflavin ndi niacin, komanso selenium, kopa ndi potaziyamu, ndipo ubwino wa supu ndi woti zimene zasungunukira m'madzi mumamwa, simutaya. Bowa ali ndi khalidwe linanso lachilendo: akawombedwa ndi dzuwa amapanga vitamini D, moti kuyanika bowa wodula padzuwa la masana kwa theka la ola musanaphike kumawonjezera vitaminiyu. Koma si mankhwala, ndipo si nyama. Mapuloteni ake ndi magalamu atatu okha pa 100, choncho supuyu payekha sakhalitsa m'mimba. Ngati ndiye chakudya chonse cha madzulo, onjezerani nyemba zija, mphodza kapena nkhuku yophika yonyotsola.

Zonse ndanenazi n'za bowa wolimidwa kapena wogulidwa kwa anthu odalirika. Bowa wakutchire amene simukumudziwa bwinobwino asalowe m'poto poganiza kuti kuphika nthawi yaitali kupha poizoni. Poizoni wa bowa wakutchire wotchedwa Amanita phalloides ndi abale ake, amene amapha anthu ambiri kuposa bowa wina aliyense padziko, saphedwa ndi kuwiritsa, kuumitsa kapena kuzizira kwa firiji. Choopsa chake n'chakuti munthu amakhala bwinobwino kwa maola 6 mpaka 24 asanayambe kusanza ndi kutsegula m'mimba, kenako amaoneka ngati wachira pamene chiwindi chikuwonongeka. Zoyesera ndi supuni yasiliva kapena adyo kuti muone ngati zisintha mtundu, ngakhalenso zoti bowa wodyedwa ndi tizilombo ndi wabwino, sizoona. Amene wadwala atadya bowa wotere apite kuchipatala msanga, atatenga wotsalayo ngati alipo.

Magetsi akazima inu kulibe ndipo simukudziwa kuti supu wakhala maola angati ali wofunda chabe, m'tayeni ngakhale akuoneka wakupsa, chifukwa pakati pa madigiri 5 ndi 60 mabakiteriya amaswana mofulumira. Wotsala pa chakudya musamusiye m'potomo usiku wonse, popeza mbale yadothi imasunga kutentha kwa nthawi yaitali. M'gaweni m'makontena osaya, alowe m'firiji pasanathe maola awiri, ndipo mum'malize m'masiku atatu kapena anayi. Potenthetsanso gwiritsani ntchito moto wamba mpaka abwate, osati slow cooker, amene amachedwa kufika pa kutentha kofunika. Ngati mukufuna kusunga wina mufiriza kwa miyezi iwiri kapena itatu, m'patuleni musanathire mkaka kapena yogati, zimenezo mudzathire tsiku lomwera.